Mbale Zidikira Pepala la Magazi

Zala za amayi ake a Ezekiel zinkanunkha kapenta pamene anandikoka chikope kuti aone m'diso mwanga. Anali atangochoka kukhitchini osasamba m'manja. Ndinagwira mpweya n'kuyang'ana kudenga, kuopa kusanzira pa kapeti ya nyumba yawo ya ku Woodlands.

"Melanie, bwela uone," anatero. "Muli mbuu monga pepala. Tulutsa lilime, iwe."

Ndinatulutsa. Ine Winifred, mayi wa mwana wa chaka ndi theka, nditagwada pabalaza la eni ake lilime lili panja ngati mbuzi ya pamsika.

Melanie anawerama pafupi mpaka pafyumu wake anandilowa kukhosi. Ndi mtsikana wa kwaya ya kutchalitchi kwawo, amagulitsa mankhwala mu famase ina ku Kabulonga, ndipo ndi amene amayiwa akhala akumufunira mwana wawo kuyambira kalekale.

"Ayee, lafiila monga nyama, ba mami," anatero mwachisoni chonamizira. "Na kutelela latelela."

Ezekiel, mwamuna wofuna kundikwatira, anali pa sofa atanyamula mwana wanga Besa. "Mami, nakuuzani kale. Ba Abson ku kiliniki anakamba kuti ni vitamini chabe yamene yachepa mu magazi. Ayamwitsa, nyama sadya kawili-kawili. Matenda enangu aja tinapimitsa tonse awili, mapepala munayaona."

"Ba Abson anakamba na pakamwa. Ine nifuna makina akambe."

Kunama sindinama, ndinali ndikudwaladi. Miyezi inayi mapazi anga akuyenda nyerere, lilime likuwotcha ngati ndamwa tiyi wowira, masitepe a kufulati kwathu ku Kabwata ndikukwera mopumira. Koma amayiwa anali ndi dzina lawo la matendawo.

"Mvela, mwana wanga," anatero akupukuta zala pa chitenje. "Atate ake a mwana uyu, Morgan, anafa pa ngozi iwe uli na mimba. Kwao sanakusudzule. Munthu wosasudzulidwa ayenda na wakufa kumbuyo, ndipo wakufa ndiye akumwa magazi. Ine Ezekiel ni mmodzi chabe, siningamupeleke kumanda nikuona. Pa Chitatu tiyenda tonse ukapimitse. Pepala ikakamba kuti vitamini yachepa, ni nkhani ya chipatala, ankhoswe azabweletsa mbale zofunsila chikwati kwanu pa Loweluka. Ikakamba kuti vitamini ilipo, ndiye kuti ni va kumudzi. Uzayamba wayenda ku Chelstone kwa amake Morgan akakusudzule."

Atatchula Chelstone ndinayang'ana Besa. Amayi ake a Morgan anandiuza kawiri konse, pamaliro ndi pa tsiku limene ndinatuluka m'chipatala ndi khanda, kuti kwawo mwana ndi wakuchimuna. "Tsiku ukazafuna kusudzulidwa kuti ukwatiwe kwina, ubwele na mwana wathu na chikwama chake." Amayi ake a Ezekiel ankazidziwa zimenezi. Ndinali nditawauza ndekha, nthawi imene ndinkaganiza kuti ndi munthu.

Anandipatsa tiyi. Nditamaliza ndinawaona akunyamula kapu yanga ndi zala ziwiri, n'kukaiika payokha pawindo la kunja.

*

M'galimoto ya Ezekiel ndinangoyang'ana kuwindo mpaka tinadutsa Libala.

"Ba madamu akwiya," anatero Ezekiel akuyankhula ndi Besa pagalasi. "Besa, uza ba mami ako aseke."

"Ananitsegula kukamwa pamaso pa Melanie, iwe uli phee."

"Wini, ni amai anga. Ukawayankha ndiye kuti wathila palafini. Lekela makina awayankhe. Pa Chitatu magazi, pa Chisanu pepala, pa Loweluka mbale. Ni masiku angati? Ngakhale nkhuku yokhalila mazila ipilila kuposa apo."

"Manje nakhala nkhuku?"

"Nkhuku yanga. Ya loko, yamene siipezeka mu shopu."

Ndinayesetsa kuti ndisaseke koma zinakanika. Vuto la Ezekiel ndi limenelo. Tinakumana mu minibasi ya ku Chilenje tsiku limene Besa anamusanzira phala pa shati yoyera, anthu onse akuipidwa, iye n'kungoti, "Mwana uyu ananisankha, sininganene kanthu." Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyang'ana pamene pali chinyengo chake, monga ndimayang'anira chilichonse, osapapeza.

Atatitsitsa anatumiza uthenga ndisanafike n'komwe pamwamba: *Osamwa mapilisi alionse monga anakambila ba Abson. Nikukonda na vitamini yako yochepayo.*

*

Anti Virginia amene anandilera, mng'ono wa malemu amayi anga, atamva nkhani yonse anamva mawu amodzi okha: kupima. Kwa iwo kupima ndi mayeso, ndipo mwana wa m'nyumba mwawo salephera mayeso.

Lolemba m'mawa ndinawapeza akusinja chiwindi chosaphika m'kamtondo. Anachisakaniza ndi tomato wa m'chitini, n'kuthirapo chakumwa chakuda cha gasi, thovu lofiirira n'kumatuluka pamwamba pa kapu ndi timitsempha tikuyandama.

"Imwa uku chikali na mphamvu."

"Ba anti, simunamvetse. Pepala ifunika ionetse kuti vitamini yachepa. Ikaonetsa kuti ilipo, nizaluza Besa."

"Iwe, unaona kuti munthu akwatila mkazi wochepa magazi? Aja afuna chabe chifukwa. Pepala ikatuluka yoipa azakamba ati ni chilema, azatenga uja wa pafyumu. Ine nakhala zaka zingati mu Lusaka? Imwa!"

Ndinanamizira kumwa. Kadontho kamodzi kanandikhudza mlomo, kozizira, konunkha ngati mpeni wa kubutchala. Ndinathamangira kuchimbudzi ndi kapu yomwe n'kukhuthulira zonse mmenemo, za m'kapu ndi za m'mimba. Masana anabwera ndi madzi owiritsa a masamba a mapeyala, amene kuno timati kotapela, ofiira ngati otsukira nyama. Nawonso anapita njira yomweyo. Anti anaima pakhomo la chimbudzi manja ali m'chiuno.

"Chabwino. Kuli njila zinangu."

Lachiwiri masana kunamveka odi. Anali Melanie, atavala chovala choyera cha kuntchito, kachikwama kali kukhwapa. Anagwadira anti mpaka pansi, n'kumupatsa Besa switi imene ndinamulanda atangotembenuka.

"Ba mami ndiye anituma," anatero. "Ati mwana uja pa Loweluka azagwada bwanji na mendo ya dzanzi? Nabweletsa nyeleti ya kuchotsa kuwawa."

"Ba Abson anakamba kuti nisamwe vitamini iliyonse nikalibe kupimitsa."

"Iyi si vitamini, Wini. Ni ya dzanzi chabe. Koma ngati ukana, palibe vuto, nizawauza ba mami kuti mphatso yao wakana."

Anatulutsa singano ndi kabotolo ka jakisoni, ndipo maso anga anaona zonse. Anaona kuti madzi a m'kabotolo ndi ofiira ngati juwisi. Anaona kuti chala chake chachikulu, cha chikhadabo chachitali chopaka pinki, chaphimba zolemba. Anaona kuti atathyola kabotoloko sanakataye m'bini, anakakulunga m'tishu n'kukabweza m'chikwama. Mtima unkandiuza kuti thawa. Koma ndinaganiza za kapu ija pawindo, ndi zimene amayiwo akananena atamva kuti ndakana chifundo chawo choyamba. Anti anali atandigwira kale phewa.

"Gona chafufumimba, usatichititse manyazi."

Dzanja la Melanie linali lozizira ndi lonyowa pa thako langa. Pobaya ankang'ung'udza nyimbo ya kwaya.

*

Labu inali m'tauni, pamwamba pa sitolo ya nsapato. Ezekiel sanathe kuchoka kuntchito, choncho tinapita awiri ndi amayi ake, Besa ali kumbuyo kwanga. Njira yonse anakhala atakanikiza thupi lawo kuwindo la minibasi kuti tisakhudzane.

Mayi wotenga magazi anandimanga kalamba pamkono n'kumenyamenya mtsempha. Amayi ake a Ezekiel anakana kudikira panja. Anaima pamutu panga, magalasi ali pamphuno, kuonetsetsa magazi anga akukwera m'kachubu, akuda, ochedwa.

"Lembani dzina niona," anauza mayiyo. "Vosinthanitsa ine sinifuna."

"Amai, kuno sitisintha magazi a anthu."

"Lembani chabe. Na vitamini yake muilembe."

"B12," anatero mayiyo akuwaonetsa. "Mubwele pa Chisanu."

Madzulo Ezekiel anaimba. "Bwanji nkhuku yanga, anasiyako magazi?"

"Melanie anabwela dzulo kunyumba. Ati amai ako anamutuma na nyeleti."

"Waona? Nakuuza kuti mami ni wolimba pakamwa chabe, mtima ni wabwino. Na Melanie sali woipa monga uganizila."

"Umudziwa bwino, ka?"

"Wini, osayamba."

Lachinayi ndinadzuka mutu uli wopepuka. Ndinakwera masitepe ndi ndowa ya madzi osaima panjira. Anti anaomba m'manja n'kuyamba kuthokoza Mulungu. Ine ndinakhala pabedi thukuta lili kamukamu. Mankhwala a dzanzi amtundu wanji amene amapatsa munthu mphamvu?

*

Lachisanu tinatenga envulopu ku labu. Amayiwo anaigwira okha, yomata, mpaka tinakafika ku kiliniki kwa a Abson, bambo wa imvi amene amandiona ine ndi Besa kuyambira ali khanda. Anaitsegula, n'kuwerenga, n'kuvula magalasi, n'kuwerenganso.

"Amake Besa, nikambe na imwe mweka?"

"Kambani pano," anatero amayi ake a Ezekiel. "Ndine ninabwela nayo."

A Abson anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu kuvomereza.

"Vitamini iyi yapitilila mpaka makina yaleka kuwelenga. Munthu sangakhale na yambili chonchi na chakudya chabe. Munabayiwa nyeleti masiku apitawa?"

"Pa Chiwili. Ananiuza kuti ni ya dzanzi."

"Madzi ake anali otani?"

"Ofiila."

Anaika pepala pa tebulo pang'onopang'ono. "Ndiyo vitamini yamene tinali kupima. Mwathila shuga mu tiyi, manje mufunsa ngati tiyi inali na shuga."

"Ni Melanie," ndinatero ndikutembenukira kwa amayiwo. "Anakamba kuti imwe ndimwe munamutuma."

"Ine? Sininatume munthu ine."

Anatulutsa foni, n'kuimba, n'kuiika pa tebulo kuti tonse timve. Melanie anayankha ndi mawu a uchi. Atafunsidwa anayamba wapuma mozama ngati munthu amene wasenza chinsinsi cholemera.

"Ba mami, sininafune kukamba, ninaopa kuononga vintu va anthu. Ba anti ake ndiye ananitumila foni. Ati tithandize, mwana wathu magazi aoneke bwino pa pepala, apongozi asadziwe mwamene alili. Ananipapatila maningi, kupempha osaleka. Meseji nikali nayo, nizakutumilani."

Foni inalira kachiwiri. Amayiwo anandilozetsa kumaso. Inalidi nambala ya anti, ndi kalembedwe kawo kopanda mipumiro: *mwana wanga thandiza Wini apase magazi apongozi asaone voipa Mulungu azakudalitsa.*

Melanie sananame ngakhale liwu limodzi la uthengawo. Anangoona chitseko chimene anti anatsegula ndi chikondi chawo chopusa, n'kulowa ndi singano, akudziwa bwino lomwe chimene madzi ofiirawo adzachite pa pepala.

"So munapangana kuninamiza," anatero amayiwo motsitsa.

"Amai, mvelani," a Abson analowererapo. "Mwana uyu adwaladi. Lilime, mapazi, vonse vionetsa. Ngakhale kupepukidwa kwamene wamvela pambuyo pa nyeleti ni umboni."

"Ba dokota, ine sininaphunzile maningi. Niyankheni chimodzi. Pa pepala apa, yachepa olo ilipo?"

"Ilipo, koma..."

"Basi."

"Tingapimenso?" ndinafunsa. "Mailo? Sabata ya mawa?"

A Abson anapukusa mutu. "Kuti itsike pafunika miyezi. Ndipo siningakuloleni kukhala miyezi popanda mankhwala kuti mukondweletse munthu. Mitsempha ya mapazi ikaonongeka siibwelela. Mufunika nyeleti zinangu, osati kuleka."

Ndiye kuti kuti andikhulupirire, ndinayenera kudwalanso mpaka kupuwala. Amayiwo anapinda pepala langa kanayi n'kuliponya m'chikwama mwawo. Potuluka anafunsa nesi pamene pali mpopi, ndipo ndinawamva akusamba m'manja nthawi yaitali.

*

Anti analira chigwadire pakhitchini. "Ninafuna upase chabe, mwana wanga. Ninaziwa bwanji kuti kuli mayeso yamene munthu afunika kufeluka?"

Kamtondo kaja kanali kakadali pasinki, ntchentche zitaunjikana pamlomo pake. Ndinakanyamula n'kukakataya m'bini ya pansi.

Ndinamulembera Melanie: *Unadziwa.* Anayankha nthawi yomweyo ndi kachithunzi ka manja opemphera, n'kuwonjezera: *Pola msanga dear.* Ndinapukuta foni pa chitenje ngati yagwera m'ngalande.

Ezekiel sanayankhe mafoni anga asanu ndi awiri. Anatulukira dzuwa litapendeka, tayi ili m'thumba. Besa anamuthamangira akukuwa "Dadi! Dadi!" ndipo iye anamunyamula monga mwa masiku onse, koma maso ake ankathawa anga.

"Nakhulupilila iwe, Wini," anayamba. "Niziwa kuti ni Melanie. Namutukana pa foni."

"Ndiye uza amai ako."

"Nawauza. Samvela. Ati pangano ni pangano." Anakhala pa mpando, Besa akuseweretsa mabatani a shati yake. "Mbale sizibwela mailo pa Loweluka. Koma pali njila. Mami akamba kale na amake Morgan."

"Akamba nao liti?"

"Masana. Ndipo alibe vuto, Wini, ni anthu omvela. Ati kusudzula ni kanthu kang'ono, ni kukupaka ufa pamphumi na mau awili atatu, kwatha. Mbale zingabwele sabata ya mawa."

"Na Besa?"

Anayamba kukonza kolala ya Besa.

"Ezekiel, nakufunsa. Na Besa?"

"Ni ambuye ake, amake a atate ake. Si alendo. Chelstone si ku Chipata, ni basi ziwili chabe. Tizayamba kumuona pa Sondo iliyonse, nizakupeleka neka. Iwe upumuleko, upole bwino, uleke kuyamwitsa. Mwina pakapita nthawi azatibwezela." Anayesa kumwetulira. "Ndipo tikakwatilana tizabala wathu."

Wathu. Ananena mawu amenewo mwana wanga ali pamiyendo pake, kadzanja kali m'thumba la shati yake kufunafuna switi. Ndinamuyang'ana mwamuna amene ndinamukonda chaka chathunthu, milomo yomwe ija, kachipsera komwe kaja pachibwano, ndipo khungu langa lonse linanyansidwa ngati ndagona pa mphasa yonyowa.

"Leta mwana wanga."

"Wini, ganiza bwino. Nichitila ise."

Ndinamulanda Besa mwamphamvu mpaka analira. Ndinamuponya kumbuyo, n'kukoka chitenje, n'kumanga mfundo ziwiri pachifuwa.

"Sinizayenda ku Chelstone. Mailo, mkucha, olo chaka cha mawa."

Ezekiel anaimirira akusisita kumbuyo kwa khosi. "Ndiye vuto yake iyo. Sufunika kuyenda."

"Utanthauza chani?"

"Ati afuna amuoneko chabe lelo. Azolowelane."

Ndinathamangira pawindo. Galimoto yake inali pansi pa mtengo wa mango, zitseko zakumbuyo zili pululu. Amayi ake anali atatsika kale, ndipo pambali pawo, akukonza duku lakuda, panali amayi ake a Morgan. Ankagawana chinangwa chootcha m'pepala limodzi, akuseka ngati anakulira bwalo limodzi. M'manja mwa amayi ake a Morgan munali timapatapata tatsopano ta mwana, tikadali tomangana ndi ulusi.

"Wabwela nao iwe," ndinatero. "Mu motoka yako."

"Nikanachita bwanji? Ni akulu-akulu."

Anti anatuluka kukhitchini atagwira pakamwa. Masitepe anayamba kulira, mapazi anayi olemera, akukwera mosafulumira. Besa anali atasiya kulira, kampweya kake kofunda kakundigunda pakhosi.

"Odi kuno!" Anali mawu a amayi ake a Morgan, okoma ngati a mlendo wa Khirisimasi. "Amake Besa, tabwela kuona mwana wathu!"

Ezekiel anapita kuchitseko n'kugwira chotsegulira.

"Ezekiel," ndinatero. "Ukatsegula chitseko icho, watsegulila iwe. Utuluke, usakabwelenso."

Odi anamvekanso, tsopano ndi kugogoda, ndipo amayi ake anaitana dzina lake lonse. Iye anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana chitseko. Dzanja lake silinachoke pa chotsegulira.